Timbale ta Conrad ndi Tepi ya Apongozi

Conrad Nyendwa anakwatira mwana wa bwana wake wa kuntchito, ndipo onse a pachipatala cha mishoni, m'boma la Nyimba, ankati mnyamatayo anabadwa ndi mwayi. Iye sankatsutsa. Lillian anali mphunzitsi wa masamu, mkazi wosachedwa kuseka, ndipo chichitikireni ukwati kanyumba kawo kankamveka phokoso lokoma ngakhale kuti mwamuna wake anali munthu wa mawu owerengeka. Koma mwayiwo unali ndi kaminga kake. Mayi ake a Lillian, amai Esnart Daka, ndiwo anali mkulu wa labu, chipinda chopimiramo magazi ndi makhololo, ndipo m'menemo ndi momwe Conrad ankatandala tsiku lonse.

Ukwati usanachitike, awiriwa ankalankhulana ngati antchito ena onse. Utangochitika, aliyense anakumbukira mwambo wa kwawo. Mkamwini sayang'anizana maso ndi apongozi ake, sapanikizana nawo pakhomo, ndipo pali nkhani zina zimene sangazitchule iwo ali pomwepo. Chipindacho chinali chopapatiza, motero anapeza njira yawoyawo. Amai Daka akafuna kumuuza kanthu ankatembenukira firiji n'kuiuza kuti magolovesi atsala pang'ono kutha, ndipo Conrad ankayankha akuyang'ana sinki. Ntchito inkayenda bwino ndithu. Anamwino obwera ndi timabotolo ta magazi anazolowera kumva anthu awiri ophunzira akukambirana ndi ziwiya.

Conrad sanali wolembedwa ndi chipatalacho. Anatumidwa ndi a Dokotala Sarah Mumba a kuyunivesite ku Lusaka kuti afufuze za fangasi, mtundu wa tizilombo tonga nkhungu, wotchedwa kiriputokokasi, amene amalowera m'mapapo n'kukayambitsa matenda oumitsa khosi mwa anthu amene chitetezo cha m'thupi mwawo chatsika. Matendawa Conrad anawadziwa asanapite kukoleji, pakuti mkulu wake Stephen anamwalira nawo atagwira mutu ndi manja onse awiri. Fangasiyu amakhalanso m'mphako za mitengo monga tsanya, ndipo Conrad anali atayenda m'thengo la kwawo ku Sandwe akupala zofumbwa za m'mphako n'kumasunga m'timabotolo. Chimene ankafuna kudziwa n'chakuti, kodi fangasi wa m'mitengoyo angakwatirane ndi fangasi wotengedwa kwa odwala?

Pakuti tizilomboti timakwatirana ndithu. Tili m'magulu awiri, ndipo ka gulu lina kakamva kafungo kochokera ku gulu linalo, tiwiriti timatambasulirana timinyanga mpaka kukhudzana. Tikatero timasanduka ulusi woyera, ndipo kunsonga kwa ulusiwo kumabadwa njere zopepuka ngati fumbi, zimene mphepo imanyamula mpaka m'mphuno mwa munthu. Koma tizilomboti sitichita zimenezi tikakhala pabwino. M'thupi la munthu, momwe muli mofunda ndi modzaza mpweya woipa umene munthu amatulutsa popuma, kalikonse kamangonenepa n'kumaphukira kokha. Kuti tifunane, pamafunika chakudya chosakhutitsa, mdima, malo ozizirirapo ndi kamphepo kolowa ndi kutuluka.

A Dokotala Mumba sanamubisire mawu. Chipatalacho chinalibe chipinda chozizira, choncho mwayi unali m'nyengo yachisanu yokha. Anati kukayamba kutentha adzabwera, ndipo akadzapeza ulusi sunaoneke, adzanyamula timabotolo tonse kupita nato ku Lusaka, Conrad n'kuwatsatira. Lillian anali woyembekezera, ndipo kusukulu sakanamulola kusamuka chaka chimenecho. Conrad akaganiza zodzamva kulira koyamba kwa mwana wake pafoni, chakudya chinkamukanika.

Anakonza zonse mosamala. Anagula tomato, kabichi ndi karoti kumsika wa pamsewu, kuseri kwa amayi ogulitsa nthochi, n'kuzifinya, n'kusefa madzi ake, n'kuwaphika ndi ufa woumitsa mpaka anakhala kaphala kofiirira, kosakoma, koyenera tizilombo tofunika kumva njala. Anathira m'timbale tovundikira, n'kusakaniza fangasi wa ku Sandwe ndi wa odwala pakati pa kambale kalikonse. Sanamate m'mphepete. Anatiika m'kabati yamdima, pansi pa shelefu, n'kupita kwawo akuimba chamumtima.

M'mawa mwake anapeza kabati ili pululu. Timbale tonse tinali m'bokosi lofunditsira, lija limene limasunga kutentha kofanana ndi kwa thupi la munthu, kalikonse katazunguliridwa bwinobwino ndi tepi yoyera.

"Pali munthu anaiwala timbale m'kabati dzulo," amai Daka anauza firiji mokoma mtima. "Tosamata, m'mdima, pozizila. Ndamukonzela. Ndaonanso kuti chakudya chake n'chamadzimadzi, ndiye ndamuphikila chabwino, chili apo."

Pathebulo panali mulu wa timbale tatsopano, todzaza chakudya chonona chimene chipatala chimalerera tizilombo ta odwala kuti tikule msanga. Conrad anayang'ana sinki, anawomba m'manja mwaulemu, n'kuthokoza. Sakanachitira mwina. Amai Daka anali atachita zimene wantchito wabwino wa labu aliyense amachita, ndipo anazichita chifukwa chokonda mwamuna wa mwana wawo. Iwo ankangodziwa kuti mkamwini akuyerekeza fangasi wa m'mitengo ndi wa odwala. Za ukwati wa tizilombo palibe anawauza.

Tizilombo tinasangalala kwambiri ndi chisamalirocho. Tinanenepa, tinanyezimira ngati mafuta ophikira, koma ulusi ngakhale umodzi panalibe.

Conrad anayambanso. Ulendo uno anabisa timbale kuseri kwa makatoni a magolovesi. Amai Daka anatipeza tsiku lotsatira powerenga katundu, ndipo anauza firiji kuti munthu akangokwatira kumene mutu umauluka, si mlandu. Ulendo wachitatu Conrad analimba mtima. Anaimirira pafupi ndi sinki n'kunena motsitsa mawu kuti timbaleto tikufunika kukhala tosamata, ndiponso panja pa bokosi lofunditsira.

"Chifukwa chiyani?" anafunsa amai Daka. Sanafunse mwaukali, koma funsolo linali la mkulu wa labu, lofuna yankho lenileni.

Yankho linali pakamwa. Analiyesa m'Chinyanja, linamuotcha lilime. Analiyesa m'Chingelezi chamumtima, koma anapeza kuti nacho chikunena chinthu chomwecho mosapsatira, ndipo apongozi ake Chingelezi ankachimva kuposa iye. Pamapeto pake ananena kuti tizilomboto tikufuna kupumako pang'ono. Amai Daka anayankha kuti m'labu yawo fangasi wopha anthu sapumira m'kambale kosamata, n'kutenga tepi.

Madzulo ake, akusenda mbatata pakhonde dzuwa lisanalowe, Conrad anafotokozera mkazi wake zonse. Lillian anaseka mpaka anagwira mimba yake n'kupempha madzi. Atapuma, mwamuna wake anamupempha kuti akawauze mayi ake. Kuseka kunayambiranso. Lillian anamufunsa ngati anaonapo mwana wamkazi akukhala pansi ndi mayi ake omubala kukamba nkhani zoterozo, ngakhale zikhale za tizilombo. Ananena kuti ngakhale tsiku la chilangizo chake mayi akewo anatuluka m'nyumba n'kusiyira amayi ena.

"Nanga tichita bwanji? Mphepo ya Ogasiti yayamba kale," anatero Conrad.

"Nkhani ya ukwati ikavuta imapita kuti?" anatero Lillian akupukuta misozi. "Muli nawo ankhoswe. Akhala chabe osagwila ntchito."

Loweruka Conrad anakwera basi ya ku Petauke. Amalume ake, a Fabian Njovu, ankasoka mipando ya galimoto kuseri kwa msika, ndipo ndiwo anali ankhoswe a mbali yake. Anawapeza akulimbana ndi mpando wa minibasi wong'ambika, ulusi uli kukamwa. Atamva kuti wabwera ndi nkhani yofuna ankhoswe, analavula ulusiwo, nathamangitsa anthu awiri amene ankacheza nawo, n'kumukhazika pa mpando womwewo. Anaoneka okhumudwa pang'ono atamva kuti iye ndi Lillian sanayambane.

Conrad anafotokoza pang'onopang'ono, akujambula ndi chala pafumbi. A Fabian anamvetsera atatsamira, maso akukula.

"Ima kaye. Ukuti tikakhuta sitifunana?"

"Sitifunana, amalume. Kalikonse kamangodzichulukitsa kokha."

"Koma tikamva njala, kunja kwazizila, nyali yazima, ndiye kamayamba kusaka kanzake?"

"Ndi momwemo."

"Ndiye n'chiyani chachilendo pamenepa? Iwe wapita kukoleji kukaphunzila za anthu a ku Sandwe."

A Fabian anaseka mpaka wosoka nsapato wa pafupi anasuzumira. Kenaka anafunsa mafunso enieni: ngati tizilomboto tili ndi tatimuna ndi tatikazi, ndipo Conrad anati si choncho kwenikweni, koma magulu awiri ofanana maonekedwe amene amazindikirana ndi fungo. Anafunsanso chifukwa chake munthu wanzeru angafune kuti tizilombo toipa tiberekane. Conrad anayankha kuti sakuwonjezera chilichonse m'dziko, akungofuna kuona ngati zimene akuzikayikira zimachitikadi m'mphako, pakuti ngati zili choncho, ndiye kuti kumeneko n'kumene kumachokera fumbi lodwalitsa anthu. A Fabian anatchula dzina la Stephen, n'kunena kuti mawa lomwe avala jekete.

Lamulungu, mapemphero atatha, anafika kwa amai Daka cha ku Mwape atanyamula tambala wofiira m'khwapa. Lillian anali atatsogola kukathandiza kuphika, ndipo anabisala kukhitchini komwe akanamva zonse. Conrad anapatsidwa kampando pansi pa mtengo wa mango, kumapeto kwa bwalo, atafulatira nyumba. Amai Daka anakhala pamphasa pakhonde, nkhope ili yolimba, pakuti nkhoswe sabwera ndi tambala popanda chifukwa.

A Fabian anayamba ndi kuwakhazika mtima pansi. Anati nyumba ya ana ili bwino, palibe anamenya mnzake, palibe anagona ndi njala. Kenaka anakonza kukhosi.

"Asewele, nkhani ndi ya timbale tija mumamata tepi. Mwana wathu akufuna kuti tizilombo ta m'menemo tikwatilane, kamodzi ka m'mtengo, kena ka m'chipatala. Manje inu mukamatifunditsa ndi kutidyetsa bwino, timangogona. Iye kukuuzani sangathe, pakuti munamulela bwino mwana wanu, nafenso tinamulela bwino wathu."

Conrad anamva tambala akukupiza mapiko. Kenaka anamva phokoso limene anali asanalimvepo chiyambireni ntchito: amai Daka akuseka ndi mtima wonse, akumenya mphasa ndi chikhatho. Kukhitchini nako kunagwa chivundikiro cha poto. Amai Daka anali mlangizi wa maanja kutchalitchi kwawo, ndipo ananena pakati pa kusekako kuti pa maukwati onse amene anathandiza kumanga, sankadziwa kuti pali ena amene akhala akuwapasula m'mawa uliwonse ndi manja awo.

Koma kuseka kutatha, anawongola chitenje n'kukhala mkulu wa labu. Anati nkhani aimva, koma tepi sachotsa. M'chipindamo mumalowa odwala amene chitetezo chawo chili pansi, ndipo ngati ukwatiwo ubala fumbi limene limapha, iwo sangalole kuti libadwire m'kabati yotsegulidwa ndi aliyense. Anapempha ankhoswe akafunse akamwini kuti fumbilo likatuluka adzalikola ndi chiyani.

A Fabian anadzuka, nadutsa bwalo lonse, nafunsa. Conrad anayankha kuti chivundikiro cha kambale chimakhalapo, kampata n'kakang'ono, ndipo njerezo zimamatirira pa ulusi pokhapokha wina akagwedeza. A Fabian anabwerera nalo yankho. Amai Daka anafunsa kuti nanga wosesa akagunda kabati ndi tsache? A Fabian anadutsanso. Conrad anavomera kuti zimenezo sanaziganizire. Anafunsidwa ngati mpweya ungadutse m'pepala losefera la m'labu popanda kudutsa njere, ndipo anati ungadutse. Anafunsidwa za kukula kwa chinthu choikamo timbale kuti mpweya woipa usaunjikane. Pofika ulendo umenewu a Fabian anali atavula jekete, ndipo pakati pa bwalo anaiwala theka la yankho n'kubwerera kukalifunsanso.

"Asewele, khalani pansi mungatifele pano," anatero amai Daka. "Tambala ndalandila. Akamwini, bweletsani mpando kuno. Za kuntchito tizikamba ngati za kuntchito."

Conrad ananyamula kampando n'kukhala cham'mbali, maso ali pa mphasa. Poyamba mawu ankatuluka ngati akuwakoka ndi chingwe. Koma amai Daka anafunsa za kutentha koyenera, za nthawi yodikira, za mmene ulusi umaonekera ukangoyamba, ndipo posakhalitsa mnyamatayo anali akufotokoza ndi manja, ataiwala kuti akulankhula ndi ndani. Anagwirizana chochita. Amai Daka anali ndi bokosi lalikulu lachitsulo limene anapita nalo kukoleji kalekale. Anati aliboole m'mbali, mabowowo awatseke ndi pepala losefera, aliike m'chipinda chosungiramo katundu chimene chili kumbali yosawomba dzuwa, ndipo kiyi asunge iwo. Lizitsegulidwa pokhapokha litanyamulidwa kupita m'kabati yagalasi yokoka mpweya, onse atavala zotseka pakamwa. A Fabian anadzipereka kuboola bokosilo pomwepo, ndipo anatero ndi msomali ndi mwala, akudzitama kuti palibe nkhoswe wina m'Petauke yense amene anamangirapo akwati nyumba ndi manja ake. Tambala anadyedwa masana omwewo.

Kudikira kunali kowawa. Timbale tatsopano tinalowa m'bokosi Lolemba, ndipo Conrad anadziletsa kutsegulatsegula, pakuti kuwala kukanasokoneza. Kunja masamba anali kuyoyoka, akamvuluvulu akuzungulira pabwalo la chipatala, ndipo masana ena chipupa cha chipinda chosungiramo katundu chinkayamba kufunda. Amai Daka ankanyika matumba m'madzi n'kuwayala pamwamba pa bokosilo, ndipo ankakalipira aliyense woyatsa nyali m'menemo popanda chifukwa. Atatsegula koyamba, anapeza madontho osalala okhaokha. Conrad anabwerera kunyumba ali wokhumudwa. Lillian anangotenga dzanja lake n'kuliika pamimba pake kuti amve mwana akusuntha. Mkati mwa sabata yomweyo uthenga unafika wakuti a Dokotala Mumba ali ku Chipata ndipo adzaima pa Nyimba pobwerera.

M'mawa wa tsiku limene ankawayembekezera, ananyamula bokosilo awiriawiri, wina uku wina uku, mpaka m'kabati yagalasi. Conrad anatulutsa kambale koyamba, kosalala. Kachiwiri chimodzimodzi. Amai Daka anatenga kachitatu n'kukapendeketsa kuwindo.

"Conrad," anatero, kumuitana ndi dzina lake, "tabwela uone m'mphepete umu."

Kuzungulira dontholo kunali kaubweya koyera, kosalimba, konga kamene kamamera patsaya la khanda. Anamata kambaleko tsopano, onse akugwirizana, n'kukaika pa maikulosikopu. Conrad anaona ulusi utatambalala ngati mizu ya udzu m'madzi, ndipo kunsonga zina kunali kotupa, kutalendewera timikanda tinayitinayi ta njere. Anayang'ana nthawi yaitali. Fangasi wa m'kambalemo anamupala mu tsanya wokhala m'mbali mwa njira imene iye ndi mkulu wake ankadutsa popita kusukulu. Atadzutsa mutu, apongozi ake anali akudikira mpata wawo, ndipo atayang'ana anaimba kanthungululu kakang'ono, kotsekeka ndi chotseka pakamwa.

A Dokotala Mumba anafika dzuwa lili pamutu, atatopa ndi msewu. Anaona timbale, anajambula zithunzi, anayang'ana bokosi loboola ndi msomali n'kupukusa mutu akumwetulira. Anafunsa chifukwa chake zinachedwa chonchi, ndipo amai Daka anayankha kuti panali nkhani ya m'banja imene inayenera kudutsa kwa akuluakulu. A Dokotala sanafunsenso. Anati kambale kamodzi si umboni wokwanira, pafunika kubwereza ndi mitengo yambiri, ya ku Sandwe ndi ya kuchigwa, ndipo ntchito yoteroyo siingachitikire ku Lusaka kumene kulibe tsanya. Analonjeza kutumiza kabokosi koziziritsa mvula isanagwe.

Galimoto yawo itangotuluka pageti, amai Daka anauza Conrad kuti magazi otsalawo apima okha. Iye anavula chovala choyera, anasamba m'manja mpaka m'zigongono, n'kuyamba ulendo wa kusukulu. Anayamba ndi kuyenda, koma podutsa pa mijigo anazindikira kuti akuthamanga.

Lillian anali pabolodi, akulemba ndi choko, dzanja lina lili pamsana. Conrad anaima pawindo osadziwa choti achite, pakuti ana onse anali atatembenuka kumuyang'ana. Mkazi wake anakweza nsidze. Iye analoza pansi, pa dothi limene anaimapo, n'kugwedeza mutu kusonyeza kuti sasamuka. Lillian anaika choko pathebulo, anauza ana kuti amalize okha funso lachiwiri, n'kutuluka panja.